Liwiro la Achimwene

Achimwene anga sadziwa kusiya chinthu chili bwinobwino. Muwapatse wailesi yolira popanda vuto, pofika madzulo muipeza atayiphwasula, tizitsulo tili mbwee patebulo, iwo ali kalikiliki kufuna kuti izilira kuposa pamenepo. Chibadwire ndi otero. Kale ndinkaseka nazo. Masiku ano sindiseka, ndipo ndikangomva wina akuwatchula kuti ndi katswiri, mtima umandiwira mpaka m'makutu.

Ine ndi iwo tinkagwira ntchito limodzi m'kasitudiyo kojambulira nyimbo, kuseri kwa shopu ya fotokope. Ndi kachipinda kamodzi kogawa pakati ndi thabwa, makoma ake tinamata siponji ndi makatoni a mazira. Ine ndinali wa makutu: kutchera maiki, kujambula, kusakaniza mawu. Iwo anali a mawaya, a kompyuta ndi osunga mafayilo. Tinagawana choncho kuyambira pachiyambi, ndipo palibe ankalowerera za mnzake.

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Amapanga mageti, mafelemu a mawindo, timipando. Sanalowepo kwaya, koma anali ndi mawu aakulu, a pansi, oti akamaimba m'bafa beseni limanjenjemera. Mwana wathu wamkazi, amene timangomutcha Kaphokoso chifukwa pakamwa sipatsekeka, anamupekera nyimbo pa chilichonse. Inalipo yosambira, yovalira nsapato, yomwera mankhwala, ngakhale yomunyengerera kuti atuluke kunsi kwa bedi.

Kenako mawu aja anayamba kusasa. Tinati ndi utsi wa kuntchito. Anamwa madzi otentha, anatafuna izi ndi izi, osasintha. Kuimba kunayamba kuwapweteka mpaka anasiya. Titapita kuchipatala, dokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti pa kholingo pali chotupa, ndipo kuti apulumuke ayenera kuchotsa kholingo lonse. Adzakhala ndi moyo, azidzapumira pa kabowo ka pakhosi, koma mawu awo sitidzawamvanso.

Titafika pakhomo amuna anga anaima n'kuyang'ana mwana akuthamangitsa kapu imene imagubuduzika pakhonde.

"Amake mwana," anatero, "mundijambule ndisanapite kumpeni. Uyu akadali wamng'ono. Adzaiwala kuti bambo ake ankamveka bwanji."

Pa foni panalibe choti n'kudalira. Munthu wake sankakonda kujambulidwa, iye ndiye ankagwira foni kujambula ife. Timauthenga tawo tamawu tinali ta "ndafika" ndi "ndichedwa", kumbuyo kuli chiphokoso cha galainda yodulira zitsulo. Choncho tinagwirizana kuti tizipita ku situdiyo m'mawa uliwonse, nthawi imene pakhosi pamakhala pofewako, n'kujambula pang'onopang'ono mpaka nyimbo zonse zithe.

Tsiku loti mawa tiyamba, ndinapita kukatchera maiki. Ndinapeza kompyuta yathu ili chivundukule, chivindikiro chatsamira khoma, fani ina yachilendo atayimangirira m'kati ndi kawaya. Achimwene anali pampando wanga, mano onse pamtunda.

"Chemwali, tayatsa pulogalamu yako uone."

Ndinayatsa. Inatseguka ndisanachotse chala pa mausi. Kompyuta imeneyo inali yakale, nthawi zonse ndinkadina kenako n'kupita kukatunga madzi akumwa.

"Mwaitani?"

"Ovakiloki, mwana iwe. Ndaithamangitsa kuposa muyezo umene inabwera nawo." Anatenga sikuludalaiva n'kuyamba kuloza m'kati. "Iyi ndi mazabodi, pamene zonse zimakhala. Apa pali pulosesa, yoganiza. Apa pali memore, pamene imasunga zimene ikugwira pa nthawiyo. Pulosesa imeneyi a fakitale anaikhoma, siilola kuti uyikhudze payokha. Koma imayenda potsatira basi. Basi ndi njira ya pa mazabodi imene pulosesa ndi memore zimapatsirana zinthu. Ukakweza liwiro la basi, pulosesa imathamanga, ifune isafune."

"Nanga memoreyo?"

"Nayonso imathamanga. Zonse zimamvera basi yomweyo."

"Inapangidwa kuti izithamanga choncho?"

Anakanda mutu ndi sikuludalaiva ija. "Pa pepala ayi. Koma a fakitale ndi amantha, amasiya mpata waukulu. Pali potchera poti memore itsalire m'mbuyo basi ikamathamanga, koma ukaitsalitsa ndiye wavutikiranji? Ndaiyesa ine. Ndasewera gemu ya mpira masana onse, sinazime ngakhale kamodzi."

"Achimwene, mawa alamu anu ayamba kujambula. Iyi si kwaya yoti ikalakwitsa ibweranso Loweruka. Ibwezeni m'mene inalili. Mukafuna kusewera nayo, mudzasewere tikamaliza."

"Iwe ndiye ndimakuchitira, kuti usamadikire."

"Sindinadandaule. Ibwezeni."

Anapumira m'mwamba ngati ndawalanda chakudya pakamwa, n'kunena kuti chabwino. M'mawa mwake chivindikiro chinali pamalo pake. Ndinawafunsa ngati abweza, iwo anati abweza. Ndinaona kuti kompyuta ikadali yopepuka, koma anati ndi chifukwa choti aipukuta fumbi n'kuchotsamo zinyalala. Za m'kati mwa bokosilo zinali zawo, ndipo anali achimwene anga. Ndinawakhulupirira.

Kujambula kunali kowawa. Bambo a mwana ankaima kutsogolo kwa maiki, botolo la madzi m'manja, n'kuimba mzere umodzi kapena iwiri kenako n'kutsokomola mpaka misozi. Ndinkati tipume, iwo ankakana ndi dzanja. Masiku ena mawu ankatuluka oyera moti ndinkaiwala kuti akudwala, masiku ena tinkabwerera opanda kanthu. Nyimbo yovalira nsapato anaibwereza kambirimbiri chifukwa ankati akumveka ngati munthu wa chisoni, ndipo sankafuna kuti mwana adzamve chisoni. Nyimbo zitatha anandiuza kuti ndivule mahedifoni ndituluke. Anatsala okha ndi maiki kwa nthawi ndithu, akulankhula ndi mwana wawo mawu oti adzamve akadzakula. Mawu amenewo sindinawamvetsere. Anati ndidzamva naye limodzi.

Kachitidwe kathu pa situdiyo kanali aka. Disiki ya m'kompyuta inali yaing'ono, choncho ntchito ikatha kujambulidwa achimwene ankaifinya yonse kukhala fayilo imodzi, ngati m'mene umamangira zovala mu mtolo, n'kuikopera pa madisiki awiri akunja. Imodzi inkakhala ku situdiyo, ina kunyumba kwawo. Akatero ankafufuta zoyambirira kuti papezeke malo a ntchito yotsatira. Kusakaniza mawu a bambo a mwana ndinati ndidzachita pambuyo, mutu unali utadzaza ndi za chipatala. Kwaya ina inali ikudikira, malo ankafunika.

"Mwauyesa mtolowo?" ndinawafunsa asanafufute.

"Ndauyesa. Ukutseguka, zonse zilimo. Taona wekha."

Pa sikirini panali mayina a nyimbo zonse, ondondozana bwino. Ndinagwedeza mutu n'kuthamangira kukagula zofunika kuchipatala.

Sabata yoti opaleshoni ichitika ndinalowa ku situdiyo kamodzi kokha, kukamaliza za kwaya ija. Kompyuta inali itabwerera ku ulesi wake wakale, ukadina n'kudikira. Ndinafunsa, achimwene anati kukutentha, makina amatopa. Sanandiyang'ane poyankha, koma ine maganizo anali kwina. Bambo a mwana masiku amenewo ankangokhala pakhomo kudikira tsiku. Mawu anali nawobe, osasa, koma analipo. Achimwene ndi amene anatinyamulira chikwama popita kuchipatala. Ali pa benchi yodikirira anaseka ndi alamu awo, kuwauza kuti akatuluka adzawakonzere geti.

Opaleshoni inayenda bwino, ndi m'mene madokotala ananenera. Bambo a mwana anakhalako kanthawi, kenako anatuluka ataonda, kansalu koyera katatchinga kabowo ka pakhosi. Kunyumba anapeza njira yawo yolankhulira. Anatenga kachidutswa ka lata ndi choko chimene amalembera miyezo pa zitsulo, akafuna chinthu ankalemba n'kufufuta ndi chikhatho. Kaphokoso poyamba ankawaopa. Ankabisala kumbuyo kwanga n'kumafunsa kuti adadi akwiyira ndani.

Tsiku lina m'mawa, tikumwa tiyi, bambo ake analemba kuti: "Nyimbo zija. Mwana amve."

Ndinapita ku situdiyo ndi mtima wopepuka, koyamba pa nthawi yaitali. Achimwene anali atapita kukagula waya. Ndinalumikiza disiki, mtolo uja unalipo, mayina onse ali m'malo mwake. Ndinadina kuti umasuke. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'ono n'kuima, kenako panatuluka uthenga woti fayilo ndi yowonongeka. Ndinayesa nyimbo ina, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzi. Ndinapita pa mawu aja anajambula okha, nawonso anakana. Ndinakakamiza imodzi kuti ituluke m'mene ilili, n'kuvala mahedifoni. Ndinamva bambo a mwana akukoka mpweya kuti ayambe, kenako chiphokoso chokanda ngati wailesi yosowa siteshoni chinandilasa m'makutu.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti disiki yangofa, ina ija ilipo. Ndinawaimbira achimwene kuti adzere kunyumba atenge yachiwiri. Kumbali kwawo kunakhala zii.

"Mukundimva?"

"Ndikubwera," anatero.

Analowa mwakachetechete, disiki ili m'thumba la malaya. Sanafunse kuti chavuta n'chiyani. Munthu wosadziwa kanthu amafunsa. Ndinailumikiza, ndinadina, uthenga womwe uja unatuluka pa malo omwe aja.

"Madisiki awiri sangafe tsiku limodzi, pa nyimbo imodzimodzi," ndinatero. "Ndiuzeni."

Anakhala pa kabokosi ka sipika, manja pakati pa maondo.

"Si madisiki. Mtolowo unawonongeka pomanga. Tinakopera chowonongeka kale."

"Unawonongeka bwanji?"

"Memore."

"Memore yake iti? Ija munabweza ija?"

"Ndinabweza pang'ono. Sindinafike nayo pansi. Ndinaona ngati pamenepo ikwanitsa."

Ndinavula mahedifoni n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono, chifukwa ndikanapanda kutero ndikanawagenda nawo.

"Pitirizani."

"Memore ukaithamangitsa kuposa mphamvu yake siifa ayi, ndipo siidandaula. Imangolakwitsa apa ndi apo, mwakachetechete. Pa gemu suona kanthu, kadontho kamodzi kakasintha mtundu ndani angazindikire? Pojambula mwina kamamveka kakuthetheka kamodzi. Koma pofinya, chilichonse chimadutsa m'memore, yadzaza, yatentha. Ndipo fayilo yofinya, pakangolakwika malo amodzi, zonse zotsatira pamenepo zimasokonekera."

Anafotokoza bwino kwambiri, mwadongosolo, ngati ali m'kalasi. Ndi chimene chinandipsetsa mtima koposa. Zonsezi ankazidziwa. Sikuti ndi umbuli umene unatilanda mawu a bambo a mwana, anali munthu wodziwa bwinobwino amene anangofuna kuona nambala yaikulu pa sikirini.

"Munati mwauyesa."

"Ndinautsegula n'kuona mayina."

"Mayina! Ine ndinakutumani mayina? Mwana wanga adzamvera mayina?"

Pamenepo mpamene ndinakumbukira ulesi wa kompyuta sabata ija, ndi m'mene anandiyankhira akuyang'ana kukhoma.

"Achimwene, munaibweza liti yonse?"

Anatembenukira kukhoma.

"Ndikufunsa. Munaibweza liti?"

"Mtolo wa kwaya unakana kumasuka," anatero ndi mawu apansi. "Ndinaika pulogalamu yoyesa memore, sikirini yonse inafiira ndi zolakwika. Ndinatsitsa basi nthawi yomweyo. Za kwaya zoyambirira zinali zikadalipo, ndinangomanganso."

"Linali liti limenelo?"

"Alamu asanapite kuchipatala."

"Ndiye mtolo wa alamu anu munauyesa?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Ndinaopa, chemwali. Zoyambirira ndinali nditafufuta kale, za kwaya zitalemba pamwamba pake. Ndinati mwina wawo unapulumuka. Ndinati ndikauyesa n'kupeza wafa, ndikuuza bwanji uli ndi mavuto kale."

Chibadwire sindinawatchulepo achimwene kuti iwe. Ndi amene anandiperekeza kusukulu, ndi amene anandiphunzitsa kugwira mausi. Tsiku limenelo ulemu wonse unandithera.

"Iwe! Unaopa? Unaopa ine? Munthu anali pakhomo, ali ndi mawu ake pakhosi, akungowerenga malata a denga kudikira tsiku. Ukanangobwera n'kunena kuti ndalakwitsa, bwerezani. Ndikanakutukwana, inde, ndikanakutukwana mpaka anthu a mumsewu aime, koma m'mawa mwake tikanabwera pano n'kujambulanso. Ngakhale pa foni tikanajambula! Iwe unasankha kuteteza nkhope yako. Unanyamula chikwama chake, unakhala naye pa benchi, unamuseketsa za geti, ukudziwa!"

"Sindinkadziwa ndithu..."

"Sunkafuna kudziwa! Kwaya unaikonzera. Kwaya, anthu oti pakamwa pawo pakadali mawu mpaka lero!"

Mayi wa pa fotokope anasuzumira pachitseko, mapepala ali m'manja, n'kufunsa ngati kuli bwino. Ndinamuuza kuti atseke. Ndinagwira bokosi la kompyuta ndi manja awiri, ndipo ndikunena zoona, ndinkafuna kulinyamula n'kuliphwanyira pansi kuti mazabodi yawoyo ithere pomwepo ndi basi yake. Chinandiletsa n'choti mwina m'kati mwakemo munatsala kanthu kena ka amuna anga. Ndinalisiya. Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti, n'kulira mokweza m'chipinda chimene tinachimata siponji kuti mawu asamatuluke.

Masiku otsatira achimwene sanachoke pa kompyuta. Anafufuza m'disiki ya m'kati, anayesa mapulogalamu okumba zofufutidwa, anafunsa anzawo. Ine ndinkabwera, kukhala kumbuyo kwawo osawapatsa moni, n'kumamvera chilichonse chimene atulutsa. Zambiri zinali chiphokoso. Pena mawu a kwaya ankatulukira pamene panayenera kukhala bambo a mwana. Pa mawu aja anajambula okha panapulumuka kutsokomola ndi liwu limodzi, "mwanawe", basi. Zimene anamuuza mwana wawo m'mawa umenewo palibe adzazimve.

Nyimbo imodzi yokha ndi imene inatuluka yomveka, yosambira. Yonse imayenera kuyenda chonchi:

Madzi, madzi, tsika pamsana,
sopo asalowe m'maso mwa mwana,
phazi lamanja, phazi lamanzere,
tuluka woyera ngati mchere.

Koma pakati panadyeka. Inkafika pa "sopo asa" n'kugwera m'chiphokoso, kenako n'kutulukira pa "lamanzere". Ndinachotsa chiphokosocho n'kusiyapo chete wa utali womwewo, koma zinkamveka ngati munthu amutsamwitsa ali pakati poimba, sindinathe kupirira. Ndinalumikiza mbali ziwirizo. Ntchito yanga ndimaidziwa, msoko sunkamveka, koma nyimboyo inatsala yodumpha ngati munthu wotsimphina.

Kunyumba ndinali ndikuzengereza, tsiku lililonse ndinkati ndikusakanizabe. Tsiku limene ndinamaliza nyimboyo ndinadikira mwana apite kukasewera kwa aneba, ndinakhala ndi bambo ake patebulo masana n'kuwauza zonse. Sindinabise za achimwene. Ndinanena za basi, za memore, za sikirini yofiira, ndi tsiku limene inafiira.

Anamvetsera osaphethira. Kenako anakoka kachidutswa kawo ka lata kaja n'kulemba: "Zonse?"

"Yatsala imodzi. Yoduka."

Anafufuta. Analembanso: "Za mwana akadzakula?"

Ndinapukusa mutu.

Choko chinathyoka m'zala zawo. Anaimirira, mpando unagwa chagada, pakamwa panatseguka. Mitsempha ya pakhosi inatupa, nkhope inachita kuda, ndipo ndinaona ndi maso anga munthu akukuwa ndi mphamvu zake zonse. Chimene chinamveka ndi kamphepo kokha, kakuliza kansalu ka pakhosi. Anamenya tebulo ndi chibakera, makapu anadumpha. Anatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pa mulu wa zitsulo zawo, mpaka dzuwa linapendeka.

Achimwene anabwera Lamulungu lotsatira, atavala malaya ositidwa, chipewa chili m'manja. Ndinawaimitsa pakhonde.

"Ndabwera kudzapepesa kwa alamu."

"Akuyankhani ndi chiyani?"

Anayang'ana pansi. Bambo a mwana anali pawindo, akuwaona. Sanatuluke, ndipo sanalembe kanthu. Achimwene anaima pamenepo kanthawi, kenako anatembenuka. Amayi athu anandiimbira madzulo ake kundikumbutsa kuti ndi m'bale wanga, magazi amodzi, ndipo sanachite dala. Ndinawayankha kuti kuthamangitsa kompyuta mwina sanachite dala, koma kutseka pakamwa anachita dala, tsiku ndi tsiku, mpaka mpeni unadutsa. Ku situdiyo ndinakatenga maiki yanga ndi mahedifoni, makiyi ndinasiya kwa mayi wa pa fotokope.

Nyimbo ija ndinaiika pa kasipika kakang'ono. Ndinkaopa kuti bambo a mwana aikana, koma analemba kuti: "Muyatseni." Nthawi yosamba itakwana, mwana ali m'beseni, ndinadina. Mawu aja anadzaza m'bafa, aakulu, a pansi, ngati kale. Kaphokoso anasiya kumwaza madzi. Anayang'ana sipika, anayang'ana bambo ake ali pachitseko, n'kuyang'ananso sipika.

"Adadi!" anakuwa, akuloza kasipikako.

Kuyambira tsiku limenelo sankalola kusamba popanda nyimboyo. Ikatha ankati ibwerezedwe, ikathanso ibwerezedwe, mpaka madzi kuzizira. Nthawi imene bambo ake ankaiimba pakamwa anali wamng'ono kwambiri, ankangodziwa kukuwa "mchere" kumapeto. Tsopano anayamba kuigwira yonse. Mantha aja anatha, ankalola kuti bambo ake azimusambitsa, iwo atagwada pambali pa beseni, kansalu ka pakhosi atakatchinjiriza ndi thaulo kuti madzi asalowe. Ine ndinkaima pachitseko. Nthawi iliyonse nyimbo ikafika podumpha paja, mano anga ankalumana okha.

Tsiku lina masana ndinaiwala kutchaja kasipika. Ndinadina, sikanayake. Ndinkayembekezera kulira, koma mwana anangoti, "Ndiimba ndekha." Anakhala tsonga m'madzi, thovu lili pamutu, n'kuyamba ndi timawu take:

"Madzi, madzi, tsika pamsana, sopo asa lamanzere, tuluka woyera ngati mchere!"

Anadumpha pomwe paja, bwinobwino, osaphonya ngakhale pang'ono.

Bambo ake anamugwira phewa n'kukweza chala kuti adikire. Anayamba kugogoda m'mphepete mwa beseni ndi chala, kumupatsa kayendedwe ka nyimbo, milomo ikuyenda popanda mawu. Mwana anayambanso, akutsatira. Atafika pa sopo iye anadumpha, koma chala cha bambo ake chinapitiriza kugogoda mzere wosowawo. Analoza maso a mwana, anagwira phazi lake lamanja n'kulikweza pamwamba pa madzi kuti aone kuti nalonso lili m'nyimbo.

Kaphokoso anakoka phazi lake. Anakwinya nkhope.

"Adadi, mukulakwitsa."

Iwo anapukusa mutu n'kuyambanso kugogoda.

"Ayi! Siitero! Adadi a m'sipika saimba choncho. Amama, auzeni!"

Ndinagwada n'kuyamba kumuimbira mzerewo ndi mawu anga, koma anatseka makutu ndi manja a thovu n'kuyamba kulira, akuti ndikuwononga nyimbo ya adadi. Bambo ake anandigwira mkono kuti ndisiye. Anandiyang'ana kanthawi, maso ali ofiira, kenako anamupukuta mwana thovu pachipumi n'kumuchotsa manja m'makutu.

Anagogoda kamodzi, kawiri, kumuyambitsa. Mwana anaimba akusisima. Atafika pa sopo anadumpha, ndipo chala cha bambo ake chinadumpha naye.